Kompyuta Yopanda Mwini

"Nanga iyinso ndi ya chiyani?" anafunsa Mafunso atagwada kuseri kwa mulu wa mabuku akale, m'kachipinda kosungiramo katundu wa sukulu.

Ahedi anasuzumira pakhomo, mpango uli pamphuno chifukwa cha fumbi. "Iti, mayi?"

"Iyi ili pansi pa shelefuyi. Ikuyakatu."

"Ikuyaka? Aaa! Ine ndakhala pasukulu pano zaka ndithu, koma ndinkayesa kuti chamoyo muno ndi makoswe okha."

Inali kompyuta yakalekale, yopanda sikirini, yopanda kiyibodi, fumbi lili mbuu thupi lonse. Pamwamba pake panali kabokosi ka tinyanga tiwiri, kaja kotulutsa waifai. Inkang'ung'udza chapansipansi osavutitsa munthu, ndipo kutsogolo kwake kagetsi kobiriwira kankangoti phethiphethi.

Chaka chimenecho akuluakulu a zamaphunziro anali atagamula kuti zoti sukulu iliyonse izisunga zakezake za makompyuta zithe. Sukulu zonse, kuyambira za ana aang'ono mpaka yunivesite, zizitunga pamalo amodzi, pa likulu lomwe analikhazika ku yunivesite komweko. Mabuku, maphunziro a pa vidiyo, malikisi a ana, zonse zizikhala kumeneko, ndipo mwana aliyense ndi mphunzitsi aliyense apatsidwe nambala yake ndi pasiwedi yolowera. Ganizolo silinali loipa ayi. Mafunso mwini wake anali ataona sukulu zomwe kompyuta ikafa inkatha chaka itafunditsidwa nsalu, popanda woikonza. Ntchito yake tsopano inali kuyenda sukulu ndi sukulu, kulumikiza zatsopano, kugawa manambala, ndi kusonkhanitsa makompyuta akale kuti apite ku likulu akafufutidwe zonse za m'kati.

Dzina loti Mafunso anamupatsa ndi anzake a kuntchito, ndipo sanamunamizire. Mkaziyu sankatha kuona waya osafuna kudziwa komwe wathera. Anthu ena akapeza chitseko chokhoma amangopitiriza ulendo wawo. Iye ayi, ankayenera adziwe kaye kuti kiyi ali ndi ndani, ndipo anakhomeranji.

Anaimbira foni abwana ake, omwe aliyense ankawatcha a Changu chifukwa ngakhale moni ankaupereka akuyenda.

"Bwana, ndapeza ina yomwe palibe akuidziwa."

"Ahedi akuti chiyani?"

"Akuti ankayesa makoswe."

"Ndiye mukufunsanso chiyani? Zimitsani, tione amene alire."

Imeneyo ndiyo njira ya amisiri a makompyuta, ndipo musaiseke, imagwira ntchito. Ukapeza makina opanda mwini sungayende khomo ndi khomo kufunsa, chifukwa anthu sadziwa n'komwe kuti zomwe amaona pa sikirini zimachokera kuti. Umangozimitsa, n'kukhala phee kudikira. Ngati alipo amene amadalira makinawo, amabwera yekha akuthamanga, akukuwa kuti zinthu zake zafa. Pamenepo umayatsanso, n'kumupezera malo ku zatsopano. Koma pakapanda wolira, makinawo ndi zinyalala basi.

"Lachisanu galimoto ikubwera kudzatenga katundu wa sukulu imeneyo," anatero a Changu. "Pakapanda wolira, imeneyonso ikwere." Ndipo anadula foni osatsanzika, monga mwa chizolowezi chawo.

Mafunso anatambasula dzanja kuti azimitse, koma anaima. Kagetsi kaja! Makina akamangokhala, kagetsi kotere kamaphethira mwaulesi. Kakamathamanga chonchi ndiye kuti pali munthu amene akukoka zinthu nthawi yomweyo. Koma ana anali ataweruka kale, aphunzitsi atapita, pabwalo pali zii. Analumikiza laputopu yake kuti aone za m'kati. Abale inu, munali chuma! Maphunziro a pa vidiyo a masamu, a sayansi, a Chingerezi, mabuku osawerengeka, mafunso a mayeso a zaka zam'mbuyo. Zonsezo sizinkafuna intaneti, sizinkafuna pasiwedi. Aliyense woyandikira ndi foni akanatha kulowa.

"Ooo, ndakumbuka!" anatero ahedi akudzimenya pachipumi. "Panali mphunzitsi wina wa sayansi, wokonda kusewera ndi mawaya ngati inuyo. Anasamuka ine ndisanakhazikike n'komwe. Koma ana sangagwiritse ntchito zimenezo, mayi. Mafoni pano ndi oletsedwa."

"Nanga akuonera panopa ndani?"

"Kaya. Mwina makoswe aja akufuna satifiketi."

Mafunso sanaseke. Anadina batani, kung'ung'udza kuja kunaleka, kagetsi kanazima. Mumtima anamva ngati wadulira munthu foni ali pakati pa mawu.

Masiku otsatirawo anali pasukulu pomwepo. Anaika tebulo pakhonde la ofesi ya ahedi, ndipo ana ankabwera kalasi ndi kalasi kudzalandira manambala awo. M'mawa uliwonse, asanatule n'komwe chikwama, ankasuzumira mu ofesi.

"Alipo walira, ahedi?"

"Olira ndi ambiri, mayi. Aphunzitsi a mbiri yakale aiwala kale pasiwedi yawo, akuti ndi yaitali kuposa dzina la agogo awo. Achiwiri anga akufunsa kuti magetsi akazima ku yunivesiteko ife tizitani. Koma za kachipinda kaja, palibe ngakhale wotsokomola."

Mafunso anafunsa aphunzitsi mmodzimmodzi m'chipinda chawo chopumira. Anafunsa amayi osesa. Anafunsa alonda a pageti, amene anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, komangidwa ndi lastiki, n'kumufunsa ngati m'menemo mungalowe vidiyo. Onse anangopukusa mitu. A Changu atamva anakondwa. "Mwaona? Nkhani yatha." Koma kwa Mafunso nkhani inali isanayambe n'komwe. Zinkamudya mumtima ngakhale ali m'basi popita kwawo. Munthu uja analipo, kagetsi sikanama. Ndi munthu wamtundu wanji amene umamulanda chinthu chomwe amadalira, iye n'kungokhala chete? Ndipo Lachisanu likakwana, zonse zija zikafufutidwa, osadzabwereranso.

Lachinayi masana, ana ataweruka, Mafunso anachita chomwe sankayenera kuchita. Anapempha kiyi kwa alonda, analowa m'kachipinda muja, nayatsa kompyuta ija. Anadziuza kuti akufuna kungoona basi. Sanadikire nthawi yaitali. Makina atangomaliza kudzuka, kagetsi kanayamba kuthamanga. Munthuyo sikuti tsiku lija anangodutsa mwangozi ayi. Ankadikira, ndipo masiku onsewa anakhala akuyesayesa.

Mafunso anatulutsa foni yake n'kuyamba kuyenda, maso ali pa timizere tosonyeza mphamvu ya waifai. Pakhonde timizere tinachepa. Pabwalo kanatsala kamodzi. Kumakalasi kunalibiretu kanthu. Anabwerera, anayang'anitsitsa kachipindako, n'kuona kuti khoma lake lakumbuyo ndi mpanda wa sukulu womwewo. Anatuluka pageti foni ili m'mwamba, alonda akumuyang'ana ngati wazungulira mutu, nakhotera m'kanjira kakuseri.

Kuseriko kunali timashopu totsamira mpanda: wowotcherera zitsulo, wometa tsitsi, wokonza nsapato. Pa wometa timizere tinabwerera. Pa wansapato tinawonjezeka. Pa kashopu kotsatira tinadzaza tonse. Munali mayi wosoka zovala, wamsinkhu ngati wake womwe, tepi ili m'khosi, miyendo ikupalasa makina. Pazenera, potsamira kachitini ka mabatani, panali foni yong'aluka galasi, ndipo m'fonimo munthu ankalemba manambala pabolodi akufotokoza chapansipansi. Telalayo ankasoka pang'ono, n'kuima, n'kuyang'ana, milomo yake ikutsatira mawu a mphunzitsiyo.

"Odi, mayi."

"Lowani, asisi, lowani." Anaivundikira foni ija ndi kansalu mwachangu. "Tikusokereni chiyani?"

Mafunso anaonetsa thumba la jekete lake, lomwe linali litang'ambika ndi msomali wa shelefu ija. Telalayo anamukhazika pabenchi, pakati pa mayunifolomu osamalizidwa, natenga singano. Nkhope yake inali yowala, ndipo ankaimba kanyimbo m'mphuno.

"Mwasangalalatu lero," anatero Mafunso.

"Ee, asisi, musanene. Netiweki yanga inathawa sabata yonseyi. Ndinayesa kuzimitsa foni, kuyatsa, kuikweza pazenera, kuipukuta ndi malaya. Ndinafika poitukwana ngati munthu. Lero ndikungoona yabwera yokha."

"Sinabwere yokha. Ndayatsa ndine. Ndipo amene anazimitsa ndinenso."

Singano inaima m'malere. Telalayo anayang'ana chikwama cha laputopu, anayang'ana kakhadi ka yunivesite kolendewera pakhosi pa mlendoyo, nkhope yowala ija n'kugwa.

"Ndinkadziwa ine kuti tsiku lina mudzandigwira," ananena motsitsa mawu. "Pepani. Sindinawononge kanthu, ndimangoonera. Musandipititse patali, chonde, ndili ndi mwana."

"Kukugwirani? Mayi, simunabe kanthu inu."

"Si zanga. Ndi za ana a sukulu. Ine ndimangotola zodutsa pakhoma."

Apa ndi pomwe Mafunso anamvetsa chifukwa chake sabata yonse kunali zii. Njira ya a Changu ija imagwira anthu odziwa kuti chinthucho ndi chawo. Munthu woganiza kuti akuba sangabwere ku ofesi kudzadandaula.

Mafunso atayamba kufunsa sankadziwa kuima. Munaipeza bwanji? Liti? Mumaonera ziti? Mumamva zonse? Telalayo ankayankha pang'onopang'ono, maso ali pa ulusi. Anaipeza mwangozi chaka chapitacho, foni itaonetsa netiweki yopanda loko, iye n'kungodina. Poyamba ankaonera za sayansi pofuna kuthamangitsa tulo ta masana. Kenako anadabwa kuona kuti masamu omwe kale ankamuzunguza mutu akumveka, chifukwa mphunzitsi wa m'foni umatha kumubweza kambirimbiri osakukalipira. Sukulu anaisiyira panjira, chaka chimodzi asanamalize, ali ndi pakati. Ndiye miyezi ingapo yapitayo anadzilimbitsa mtima n'kukalembetsa mayeso omaliza sekondale ngati wophunzira payekha. Mayesowo anali atayandikira, kutangotsala masabata owerengeka.

"Ndiye ndikusamutsireni zonse m'foni mwanumu," anatero Mafunso. Anaitenga foni ija, anaiyang'ana, n'kuibweza. Kafoniko kanali kodzaza kale ndi zithunzi za masitayilo a madiresi, ndipo ngakhale akanafufuta zonsezo, sikakanasunga ngakhale masamu okha.

"Nanga zatsopano zanuzo?" anafunsa telalayo. "Ndamva kuti zonse zizichokera ku yunivesite."

"Zimafuna nambala. Ndipo nambala timapereka kwa okhawo olembedwa pasukulu."

"Basi, ndiye kwatha." Anamaliza kusoka thumba lija, nadula ulusi ndi mano.

Mafunso anatuluka panja n'kuimbira a Changu. Anakonzekera kukalipiridwa, ndipo anakalipiridwadi.

"Mwayatsanso? Mayi inu, wakutumani ndani? Tinagwirizana chiyani?"

"Ndamupeza mwini wake, bwana."

"Ndani? Mphunzitsi?"

"Telala wa kuseri kwa mpanda."

"Kuseri kwa mpanda? Waifai yake ikudutsa khoma? Ndiye telala amaonera chiyani m'menemo?"

Mafunso anawafotokozera zonse. A Changu, omwe sankamvetsera munthu mpaka kumapeto, tsiku limenelo anamvetsera.

"Mmm. Misonkhano yonse ija tinakhala, palibe anatchulapo za anthu a kunja kwa mpanda," anatero atausa moyo. "Tamverani. Ine sindikukana. Koma kwa akuluakulu sindingakanene kuti wantchito wanga wamva munthu akusisima kuseri kwa khoma. Mwini wake apite kwa ahedi, anene ndi pakamwa pake, ahedi andiimbire. Zikatero ndiisiya mpaka mayeso athe, kwinaku tikuganiza chochita ndi anthu otere. Kupanda apo, mawa ikukwera galimoto. Ndipo panopa kazimitseni."

Mafunso anabwerera m'shopu akumwetulira, poganiza kuti wabweretsa nkhani yabwino. "Zaphweka, mayi! Mawa mungolowa pageti, mukanene kwa ahedi kuti mumaigwiritsa ntchito ndinu. Basi."

Telalayo anapukusa mutu. "Geti limenelo sindingalowe ndi nkhani imeneyi."

"Chifukwa?"

"Mwana wanga ali momwemo. Yemwe uja ndinasiyira sukulu. Ali chaka chomaliza, akulemba mayeso omwewa."

"Sakudziwa?"

"Adziwe bwanji? Akamabwera kuno ndimavundikira foni. Mukuwadziwa ana a masiku ano pakamwa pawo, asisi. Azikamunena kuti amayi ako ndi mnzathu wa m'kalasi, uwabwereke yunifolomu. Mtsikana wanga ndi wanzeru, amayenda mutu uli m'mwamba. Ndimuchititse manyazi mayeso ali pafupi chonchi? Ine ndinati ndikakhoza ndidzamuonetsa pepala. Ndikalephera, ndilephere ndekha, popanda wodziwa."

"Nanga tsiku la mayeso simudzaonana?"

"Ife ophunzira patokha timalembera kwina. Zimenezo ndinafunsa kale ndisanalembetse."

"Bwanji mubwere mamawa, ana asanafike? Kapena muwaimbire foni ahedi?"

Telalayo anaseka kaseko kopanda chimwemwe. "Mukuoneka kuti sukulu simukuidziwa. Ahedi akadziwa, achiwiri awo adziwa. Achiwiri akadziwa, m'chipinda cha aphunzitsi monse mwadziwa. Pofika nthawi ya buleki, mwana wanga akuzimvera kuchimbudzi kwa anzake. Ayi, asisi. Tengani makina anu. Ndiyesa ndi zomwe zatsala m'mutu."

Mafunso anaimirira. Anavala jekete lake, anathokoza, anazungulira mpanda n'kukalowanso m'kachipinda muja. Kagetsi kanali kakuthamangabe. Mayi uja anali atavundukula foni kuti atoleko zomaliza. Mafunso anaima nthawi ndithu dzanja lili pa batani, ndipo pozimitsa zinamuwawa kuposa tsiku loyamba, chifukwa tsopano nkhope ankaidziwa.

Lachisanu galimoto inafika dzuwa litakwera pang'ono. Dalaivala wake anali bambo wamimba, wokonda nthabwala, koma wosakonda kudikira. Ananyamula makompyuta akale a mu ofesi, a ku laibulale, mapulinta akufa, mawaya odzaza katoni.

"Nanga ija ya kwa makoswe?" anafunsa.

"Imeneyo ikhale yomaliza," anatero Mafunso. Anapita kukazula mawaya ake, n'kuyamba kuwakulunga mmodzimmodzi, mosamala ngati akayenda nawo ulendo wa kunja.

"Mayi, wayayo mukumukulunga kapena mukumuluka? Ndili ndi sukulu zina zikundidikira ine."

Waya sakulungika mpaka madzulo. Dalaivala anainyamula kompyuta ija paphewa, akuyetsemula ndi fumbi, n'kukaiika pamwamba pa zinzake. Mafunso anamupempha kuti amwe kaye tiyi kwa alonda. Kenako Mafunso anabwerera patebulo lake la pakhonde, pomwe kalasi yotsala, ya chaka chomaliza, inali itandanda kudikira manambala. Ankaitana mwana, n'kumupatsa kapepala kake, koma maso ake ankayendayenda pankhope za atsikana. Ndi uti? Wamtali uyu? Wamagalasi uyo? Kenako ankaponya maso kugeti. Kugeti kunalibe munthu, kupatula alonda ndi dalaivala uja, amene ankagugudiza tiyi wake mofulumira.

Mzere unali utafika pakati pamene alonda anatsegula kageti kakang'ono. Telala uja analowa. Tepi ya m'khosi anali ataisiya, atavala diresi labwino losita, foni ataigwira ndi manja awiri. Anadutsa pabwalo pang'onopang'ono, osayang'ana uku kapena uku.

Mtsikana wina wamtali, wa tsitsi lometa bwino, anatuluka pamzere akuthamanga. "Amayi! Kwagwanji? Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino. Bwerera pamzere."

Ahedi anatuluka mu ofesi atamva mawuwo. "Ooo, ndi mayi athu a mayunifolomu! Takulandirani. Lowani, tikakambirane m'kati."

Telalayo anayang'ana chitseko cha ofesi, chotsegula, m'kati muli mpando wopanda munthu. Anayang'ananso mwana wake. Kugeti dalaivala analiza injini.

"Ayi, ahedi, ndinenera pompano. Ndikanenera m'katimo, mwanayu adzazimvera kwa ena." Mawu ake anayamba monjenjemera, koma analimba akupita. "Ndabwera kudzadandaula. Kompyuta imene mwazimitsa ija, ya m'kachipinda ka kumpanda, ndimaphunzirirapo ndine. Ndikulemba mayeso chaka chino. Omwewa akulemba anawa."

Kenako kumbuyo kwa mzere wina anaphulika kuseka m'mphuno, mnzake n'kutsatira, chiseko n'kuyenda mzere wonse. "Tiwasungire desiki yakutsogolo," wina ananong'ona mokweza dala. Ahedi anawaponyera diso, chisekocho n'kubisala m'manja, koma chinali chitamveka kale.

Mafunso anakweza dzanja kuimitsa dalaivala, yemwe anazimitsa injini akung'ung'udza. Ahedi anatulutsa foni n'kupita pambali kukaimbira a Changu. Zonsezo zinayenda monga anagwirizana. Koma Mafunso sanasangalale ngakhale pang'ono. Maso ake anali pa mtsikana uja, amene anangoima chilili, akuyang'ana nsapato zake. Mayi ake sankamuyang'ana, ankayang'ana khoma. Mafunso anadzimvera chisoni ndi manyazi pamodzi. Akanapanda kutsatira timizere tija, mayiyu akanakhala pamakina ake osokera, ndi mtendere wake.

Mtsikanayo anadzutsa mutu. "Kuyambira liti?"

"Chaka chatha."

"Ndiye n'chifukwa chake mumabisa foni ndikalowa?"

"Ee."

"Ine ndinkayesa muli ndi chibwenzi."

"Iwe mwana iwe!" Telalayo anagwira pakamwa, maso ali tong'o. Mzere wonse unaseka, ngakhale alonda kugeti, koma chiseko ichi chinali china, chopanda minga. Mtsikanayo yekha ndiye sanaseke. Anali akuwayang'ana amayi ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuwaona koyamba.

"Mukulemba maphunziro angati?"

"Onse ofunika."

"Ndi masamu omwe?"

"Ndi masamu omwe."

"Mwafika pati?"

Telalayo anayankha chapansipansi. "Pa aljebura ndi pomwe pandikanika."

"Aljebura! Amayi, mayeso ali pakhomo, inu mudakali pa aljebura? Bwanji osanena?" Mtsikanayo anapukuta m'maso mwachangu ndi mkono wa juzi. Kenako anatembenukira kumbuyo kwa mzere. "Iwe wa desiki yakutsogolowe, masamu a teremu yatha unapeza zingati? Nena mokweza ngati muja unanenera."

Wa desikiyo anayamba kufunafuna chinthu m'thumba mwake.

Ahedi anabwerera foni ili m'manja. "Abwana anu akuti itsike, mayi. Ikhale mpaka mayeso athe. Akutinso muwauze kuti kuseriko alipo angati ena otere."

"Ndikafufuza," anatero Mafunso, ndipo ahedi anaseka chifukwa ankadziwa kuti akafufuzadi.

Dalaivala anadutsa pakhondepo kompyuta ili paphewa, akudandaula kuti iye ntchito yake ndi kukweza katundu, osati kukweza ndi kutsitsa katundu yemweyo. Mafunso anatenga kapepala ka mtsikana uja n'kumuitana, koma iye anapukusa mutu.

"Nambala yanga ndidzatenga pambuyo, madamu. Ndiwaperekeze kaye amayi."

Anawagwira padzanja n'kuyamba kudutsa nawo pabwalo, anzake onse akuona, mutu uli m'mwamba. Mawu awo ankamveka mpaka pakhonde.

"Lero ndikaweruka ndikupezeni mwatseka shopu."

"Nanga madiresi a anthu? Mawa kuli ukwati."

"Adikire. Tiyamba ndi aljeburayo."

"Usandikalipiretu. Wa m'foni uja sandikalipira."

"Ine ndikukalipirani, amayi. Nthawi yatha."